Thobwa la Apongozi Ako Usakamwe

Melina mwana wanga,

Ndikulemba chifukwa pakamwa sitikumvananso. Ndikangoyamba nkhaniyi umadzuka, ati ukukaona ngati telala wamaliza diresi. Chabwino, kaone. Makasitomala a nkhomaliro apita, atsikana akutsuka mbale kuseri, ine ndakhala patebulo la pakona m'lesitilanti mwanga muno, ndipo pepala silingadzuke n'kundisiya ndikulankhula. Mawa apongozi ako akuyenera kudzakutenga, muwoloke malire kupita ku Moatize kwa amuna ako. Uwerenge zonse usanatseke sutikesi. Ndakwiya, ndipo sindikubisa.

Chandikwiyitsa ukuchidziwa. Madokotala a ku India anakuchepetsa chifu, anasiya kathumba kakang'ono n'kukalumikiza kumatumbo, kuti matenda a shuga amene ankafuna kukumaliza akusiye. Tsopano iwe ndi amuna akowo aBenja mwapangana kuti nkhaniyi isakamveke kwa apongozi. Ati akadziwa adzanena kuti mwana wawo watenga mkazi wodulidwa, amene sadzabereka. Ndiye ukupita kukakhala mumpanda umodzi ndi anthu amene azikakuphikira tsiku ndi tsiku, asakudziwa kuti kapu imodzi ya thobwa ikhoza kukugwetsa. ABenjawo ndi adalaivala, masabata amathera pamsewu wa ku Beira. Ukadzagwa adzakhala ali kuti? Manyazi anapha Lambe, Melina, ndipo ine sindinavutike kukulera kuti udzafe ndi ulemu.

Ndiyambe ndi ine, usati ndikungoloza anzanga. Thupi lalikulu lija ndinakumangira ndine. Unakulira muno, pakati pa tchipisi, mandasi ndi zoziziritsa kukhosi, ndipo madalaivala akamati, "Mayi, mwanayu mukumudyetsa chiyani?" ine mtima unkangoti myaa. Utayamba ntchito yowombolera anthu katundu ku kasitomu, n'kumakhala pampando tsiku lonse, anthu anayamba kukutchula kuti madamu, ine n'kumayenda monyada pamsika. Kenako ludzu losatha, maso kuchita chifunga, kachilonda ka pachala chakuphazi kosafuna kupola. Mapiritsi anakanika, jakisoni naye anayamba kukanika. Kumene ukupitako nakonso chikondi amachionetsera m'mbale, ndipo adzakukonda kwambiri. Ndi chimene ndikuopa.

Utabwera ku India unali ukadali wonenepa, thupi lisanayambe n'komwe kutsika, koma unandiuza kuti akuletsa mapiritsi a shuga. Sindinakhulupirire. Shuga wa zaka zonse zija angathe bwanji thupi lili lomwelo? Ndinati mwina sunamve bwino Chingerezi chawo. Ndinatulutsa mapiritsi otsala m'kabati n'kukuimirira pamutu, ati mankhwala satayidwa. Unamwa kuti ndisiye kulongolola. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titakunyamula kupita kuchipatala cha paboma, uli thukuta lokhalokha, ukundiyang'ana ngati mlendo.

Dokotala amene anakuika diripi, mayi wamfupi wa malankhulidwe a kumpoto, anandiitanira pambali. Sanandinyengerere.

"Mayi, mukanamupha mwanayu," anatero. "Inu si a pamalire pompa? Chifu chili ngati geti la ku kasitomu. Malole amaima pamzere n'kumatuluka imodziimodzi. Mwana wanuyu geti lija palibenso, chakudya chimangothamangira m'matumbo nthawi imodzi. Ndiye matumbo si paipi chabe ayi. Amatulutsa timadzi totchedwa mahomoni, timene timauza kapamba kuti atulutse insulini, yemwe amatsitsa shuga m'magazi. Chakudya chikafika mothamanga, timadzi timeneti timatuluka tambiri. N'chifukwa chake shuga wake watsika thupi lisanatsike. Inu pamwamba pake mwathirapo mapiritsi."

Ndinafunsa kuti ndiye basi wachira, azidya chilichonse? Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Ayi. Zotsekemera muziziopa kuposa kale. Akamwa, shuga amakwera mwadzidzidzi, insulini amatuluka wopyola muyeso, ndipo pakapita ola limodzi kapena awiri shuga uja amagwa pansi penipeni. Munthu amakomoka atakhuta."

Mawu amenewo, amakomoka atakhuta, ndani kwa apongozi ako angawaganize yekha osauzidwa? Ndipo umve izi. Apongozi akowo nawonso ali ndi shuga. Pachinkhoswe ndinawaona akumasula mfundo ya chitenje, n'kugawirako achemwali awo piritsi limodzi, monga timagawirana mchere. Tsiku limene adzakuone ukunjenjemera, wina n'kunena kuti zikukhala ngati shuga, adzakupatsa piritsi lawo ndi mtima woyera. Usakalandire piritsi la shuga kwa munthu aliyense, kaya ndi apongozi, kaya ndi ine.

Maliro a bambo ako aang'ono ku Nthache ukuwakumbuka, kapena sukuwakumbuka, poti theka la tsikulo sunali iweyo. Nthawi imeneyo unali utatsika thupi. Azakhali ako aEnelesi anabwera ndi kapu yaikulu ya thobwa lothira shuga, ati mwana wa mchimwene wanga watha chonchi. Unakana mwaulemu. Anakwinya nkhope n'kulankhula mokweza kuti amayi onse a pasiwa amve.

"Kodi ukuganiza kuti ndathiramo mankhwala?"

Pamaliro mawu amenewo ndi olemera, ukudziwa. Ine, mayi ako, amene ndinamva dokotala ndi makutu anga, ndinakutsina pantchafu n'kunong'ona kuti imwa, usandichititse manyazi. Unamwa yonse. Tikuchokera kumanda unayamba thukuta, manja kunjenjemera, mawu kukokana. Unaseka pamene anthu akulira, n'kuitana akulu a mpingo ndi dzina lawo lachipongwe. Ena anati waledzera. Ena anati mzimu wa malemu wamugwera. Amayi a mpingo anakuzungulira n'kuyamba kuimba ndi kupemphera mokuwa, iwe maso akutembenuka. Ndinachita kuwakankha ndi zigongono, ndinathamangira kumene ankaphika n'kutapa shuga pang'ono pasupuni n'kudzakupatsa, poti unali ukadatha kumeza. Utatsitsimuka, azakhali ako anati, "Mwaona, thupi likufuna shuga limeneli," n'kutuma munthu akatenge kapu ina. Tsiku limenelo ndinawalalatira alamu anga pamaso pa anamalira, mpaka lero sitipatsana moni bwinobwino. Apo n'kuti tili kwathu, pachilankhulo chathu, ine ndili pompo. Ku Moatize adzakankhe anthu ndani?

Ndiye umvetse, chifukwa ndikudziwa kuti umaiwala dala. Ukamva thukuta lozizira, mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, khala pansi pomwepo, ngakhale uli pakati pogwadira alendo. Yeza shuga ndi kamakina kako. Shuga akakhala wotsika, nyambita pang'ono chabe kotsekemera, ukangomva bwino tsatiza mtedza kapena dzira, osati botolo lonse la chakumwa chifukwa ugwanso kachiwiri. Ukakomoka asakuthire kanthu m'kamwa, akugoneke chammbali n'kuthamanga nawe kuchipatala. Koma zimenezi, Melina, wokomoka sadzichitira yekha. Amachita ndi amene ali pafupi, ndipo amene ali pafupi ayenera kukhala atauzidwa.

Za manachesi ndinalakwitsanso. Nyengo yake itafika, msewu wonse wa Mwanza uli chikasu, ndinati zipatso si shuga wa m'sitolo, n'zachilengedwe. Ndinakufinyira jagi yonse. Unathera pabedi masana onse, ukutuluka thukuta ngati wa malungo. Nachesi udye limodzi, mwina theka, ndi zamkati zake zomwe, utadya kale ndiwo. Zofinya ayi. Mahewu ayi. Tiyi wa ku Moatize, amene amathira mkaka wa m'chitini wotsekemera uja, ayi. Pambale uziyamba ndiwo, nyemba, nsomba, mazira, masamba otendera, nsima izibwera pambuyo, kanthongo kochepa. Madzi usamamwere pachakudya, uzidikira kaye. Uzidya pang'ono koma kawirikawiri, ndipo akakuseka kuti ukudya ngati mwanapiye, uziseka nawo koma mbale usawonjezere. Mapiritsi a mavitamini ndi jakisoni wa magazi uja n'za moyo wako wonse, si zoti ukaona kuti uli bwino usiye. Vinyo wa pazisangalalo zawo usakayese n'komwe, m'thupi mwakomo amalowa ngati moto paudzu wouma.

Chibwana changa chachikulu chinali kuvomera chinsinsi chako poyamba paja. Unandipempha kuti anthu asadziwe, ine n'kumauza aliyense kuti Melina akupanga dayati. Ndani anakhulupirira? Amayi a pamsika ankangoyang'anizana. Sabata isanathe, Mwanza yense ankadziwa kuti mwana wa aNachisale watenga kachilombo kwa madalaivala. Ena amati ndakuika m'bizinesi, ndikukhwimira lesitilanti ndi thupi la mwana wanga. Ndinatsala pang'ono kumenyana ndi mayi wina pampopi. Pamene iwe ukubisa chipsera cha opaleshoni, anzathu amene alidi ndi kachilombo akumwa mankhwala awo poyera, akulima, akukwatiwa. Tsiku lina ndinatopa, ndinawafotokozera amake Joyi, oyandikana nafe aja, zoona zake zonse. Unakwiya nane sabata yathunthu. Koma kodi si amake Joyi omwewo amene anakulanda botolo m'manja paukwati wina wa kutchalitchi, n'kuwauza operekera zakumwa kuti uyu mumupatse madzi? Ukabisa, anthu sasiya kulankhula ayi, amangopeka zawo, ndipo zopekazo zimaipa kuposa zoona.

Tsopano za Loweruka lapitali, zimene zandichotsa tulo. Pachilangizo chako alangizi anakukhazika pamphasa n'kukuuza kuti mkamwana sakana chimene apongozi amupatsa, amalandira ndi manja awiri n'kumaliza. Amayi onse anaomba m'manja. Ine ndinafuna kudzuka, iwe unandiyang'ana ndi maso aja, ndinakhala pansi. Mawa lake pachinkhoswe apongozi ako anakugwira mkono, anauzunguliza ndi zala ziwiri, n'kuuza gulu lonse akuseka kuti, "Uyu mutisiyire ife. Miyezi itatu yokha, mukadzabwera simudzamuzindikira." Anthu analuluta. Kenako anakupatsa kapu ya thobwa limene anabwera nalo okha kuchokera kutsidya. Unagwada, unalandira ndi manja awiri, unamaliza. Ndinakuona, Melina. Unandiona kuti ndakuona.

Patapita nthawi ndinakupeza kuseri kwa bafa, utatsamira khoma, diresi lonse lanyowa, ukulephera kutsegula chikwama chako chomwe. Nyimbo zikulira kutsogolo, aBenja akuvina ndi anzawo. Ndinakunyambititsa shuga ndi chala changa ngati khanda. Utatha kulankhula, mawu ako oyamba anali akuti, "Amayi, musawauze." Osati zikomo, osati ndinalakwitsa. Musawauze. Ndinamva ukali umene sindinaumvepo chibadwire, chifukwa ndinaona kuti ukhoza kufa utagwada, kapu ili m'manja, n'cholinga choti akutche mkamwana wabwino.

ABenja ndinawaitana Lolemba. Ndi munthu wofatsa, sindikana, koma kufatsa kwawo kwandikwana. Anakhala pampando uwu akuzunguliza makiyi a lole pachala.

"Amayi, ife timangofuna apite kaye akazolowerane. Mayi anga ndi ovuta pa nkhani ya ana. Akakhala ndi pathupi, tidzawauza."

"Nanga asanakhale ndi pathupi, azikadya chiyani?"

"Azikangolawa pang'ono."

"Pachinkhoswe analawa pang'ono?"

Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mwa nkhaniyi ndi mwa mwana wanga, si mwawo. Anangoti ndamva amayi, n'kupita kukakweza katundu wa ku Beira.

Za ana zomwezo, madokotala sananene kuti sudzabereka. Ananena kuti udikire kaye thupi likhazikike, ndipo nthawi imene anakupatsa yakwana. Koma ukadzaima, tsiku loyamba la sikelo ukanene za opaleshoni usanakhale n'komwe pabenchi. Kuli madzi otsekemera amene amamwetsa amayi ena oyembekezera poyeza shuga, dokotala uja anati iwe usadzamwe, akuyeze mwa njira ina. Chipwitikizi chako ndi cha pamalire, cha moni ndi mapepala a katundu. Wodzakuperekeza kusikelo ndi kukulankhulira adzakhala apongozi ako omwewo. Adzanena chiyani kwa anamwino ngati iwo eni sakudziwa?

Ndiye ndikuuze chimene ndachita, umve kwa ine usanamve kwa ena. Lero m'mawa apongozi ako anawoloka kudzagula zitenje, akugona kwa abale awo pafupi ndi malire podikira mawa. Ndinawaitana muno, ndinawathirira tiyi, ndinatseka chitseko cha kukhitchini. Ndawauza zonse, Melina. Shuga, India, kathumba, maliro a ku Nthache, ndi kuseri kwa bafa. Ndinalonjeza kuti sindidzanena, ndipo lonjezolo ndaliphwanya maso ali gwa.

Anamvetsera osandidula. Kapu anaiika pansi.

"Asewere, ndiye thobwa langa lija linamugwetsa mwana?"

"Linamugwetsa."

"Pamaso pa anthu ndimvekere ndikamunenepetsa, inu muli pompo, osandigwira pakamwa?"

"Ndinalakwa pamenepo."

"Benja akudziwa?"

"Akudziwa."

Apa nkhope yawo inasintha, sindinadziwe ngati ukali wake ndi wa kwa iwe, kwa mwana wawo, kapena kwa ine. Kenako anafunsa chimene unkachiopa chija.

"Adzabereka?"

Ndinati madokotala sanaletse, koma wopereka ana si dokotala, ndipo ine sindingalumbirire za Mulungu. Ndinawauzanso kuti ngati akufuna mkamwana wonenepa anene lero, mwana wanga akadali m'nyumba mwanga, chifukwa sindimupereka kuti akandibwezere m'bokosi. Mawu amenewo anatuluka mwaukali kuposa mmene ndinkafunira, koma sindiwabweza.

Anadzuka tiyi asanamalize, anamanga chitenje, ananyamula jumbo lawo. Ndinati basi, ukwati wa mwana wanga ndaupasula ndi pakamwa panga. Atafika pakhomo anaima, osatembenuka.

"Nkhunda amadya? Kwathu ndimaweta."

"Amadya. Koma imodzi samaliza."

Anagwedeza mutu n'kutuluka, osatsanzika.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezo. Kaya galimoto ibwera mawa, kaya sibwera, sindingakunamize. Ikapanda kubwera, mlandu ndi wanga, ndipo ndidzausenza pamaso pa ankhoswe onse a mbali ziwiri. Ikabwera, usakakwere ngati wakuba amene wagwidwa. Sunabe kanthu, unadwala n'kufuna moyo. Ukagwade pamaso pa apongozi ako monga anakulangizira, koma ukanene ndi pakamwa pako zimene ine ndanena ndi panga, uwaonetse kamakina kako ndi mmene kamagwirira ntchito, uwauze chochita ukagwa. Ndipo kapu ya thobwa ikabwera, kaya kuchokera kwa iwo, kaya kwa azakhali a aBenja, kaya kwa abusa, ulandire ndi manja awiri, uthokoze, uiike pansi. Usakamwe.

Ndikudziwa kuti ukamaliza kuwerenga sundilankhula. Mwina mawa sunditsanzika, mwina Khirisimasi ino subwera. Chita zimenezo, ndipirira. Ndinaika m'manda bambo ako, ndinaika mlongo wako, ndipo ndikudziwa kusiyana kwa mwana amene sakuyankha foni chifukwa wakwiya ndi mwana amene sadzayankhanso. Undikwiyire zaka zimene ungafune, bola uzikwiya ukupuma.

Ndine mayi ako,
Nachisale